Nadzimbiri ndi Msuzi wa Kalongonda

Kalekale, msewu wa ku Mulanje usanadziwe tayala la minibasi, kumtundu kwathu kunali mayi wina dzina lake Nadzimbiri. Ameneyo ndiye anabereka agogo awo a amayi athu, ndiye musamvere ngati nkhani ya anthu ena. Mtima wapachala umene muli nawo inuwo, woti munthu akangokuyankhani mokhota pang'ono mwayaka kale, munautenga kwa iyeyo.

Kwawo kunali kumapiri a ku Ntcheu, cha ku Tsangano, kumene nyemba zimabala ngati mchenga. Ndipo pa nyemba, Nadzimbiri analibe mnzake. Pamaliro mphika wa nyemba unali wake. Paukwati unali wake. Msuzi wake unali wolemera, woti ukaviikamo chala umatuluka nawo. Tsono kwawoko nyemba zinali ndi lamulo limodzi, ndipo mtsikana aliyense ankakula nalo: madzi ophikira nyemba sataya. Wataya msuzi, wataya nyembazo. Mkazi wotaya msuzi ankamuimba nyimbo pamtondo mpaka amuna ake kuchita manyazi.

Chaka china Nadzimbiri anakangana ndi mng'ono wake pa malire a dimba. Kadimba, mizere itatu basi. Mlongo wawo Zondiwe, amene ankayang'anira mbumba, anaweruza kuti mizereyo ndi ya wamng'onoyo. Mukuganiza kuti Nadzimbiri anagona nazo? Tsiku lomwelo anauza amuna ake aKampira kuti, "Anthu akupita ku Mulanje kukagwira ntchito m'minda ya tiyi ya azungu. Nafenso tinyamuke. Pano ine sindikhala."

AKampira anali munthu wosakonda phokoso. Anangoti, "Mwaganiza bwino?"

"Ndaganiza kale. Amayi tikuwatenga."

Amayi akewo anali aNangondo, nkhalamba yapakamwa pakuthwa koma m'kamwa mopanda kanthu. Munatsala dzino limodzi lokha kutsogolo, ndipo iwo ankalitcha mlonda wa nyumba yopanda katundu. Zondiwe atamva anabwera akuthamanga.

"Pita wekha ngati wapsa mtima," anatero Zondiwe. "Amayi uwasiye. Nkhalamba saisamutsa."

"Ndiwasiyire ndani? Mng'ono wanga wophika nyemba ngati miyala ya kumtsinjeyu?"

ANangondo anali pamphasa akumvera zonse. Anati, "Musandikokere uku ndi uku ngati chikopa. Ine mano ndilibe. Ndipita ndi amene amadziwa kufewetsa nyemba."

Nkhani inathera pomwepo. Nadzimbiri anayang'ana mlongo wake m'maso n'kunena kuti, "Mudzabwera kudzawaona atanenepa."

Anayenda, anayenda, anayenda. Pokwera aKampira ankanyamula katundu yense, Nadzimbiri n'kubereka amayi ake kumsana ngati khanda. Chimanga anachisiya m'nkhokwe, nyemba anazisiya m'mitsuko, chifukwa munthu wochoka ndi mkwiyo sawerenga za mawa. Anafika kunsi kwa phiri la Mulanje mwezi wozizira, nkhungu ili mbuu, kamvula ka chiperoni kakuwaza tsiku lonse. Kapitawo wa pa esiteti analemba aKampira ntchito, n'kuwalozera kanyumba kakumapeto kwa mzere. Eni ake anali banja la Chilomwe limene linasamukira ku Thyolo miyezi iwiri m'mbuyomo.

Tsono kuseri kwa kanyumbako n'kumene kunali chinthucho.

Chinali chomera choyanga. Chinakwera mpanda wakale wa bafa, n'kulumphira pamtengo wouma, n'kuukuta wonse. Masamba atatuatatu ngati a nyemba, koma aakulu ngati chikhatho. Makoko ake anali kulendewera m'magulu, onenepa, akuda, aubweya wosalala ngati khungu la mbewa. AKampira atangochiona anabwerera m'mbuyo.

"Chitedze ichi. Musachiyandikire, mukanda thupi mpaka mawa. Ndichitentha."

Nadzimbiri anatambasula dzanja n'kugwira khoko limodzi, n'kulipaka pamkono. Anadikira. Palibe kuyabwa. Analiswa, ndipo m'katimo munatuluka njere zisanu zotuwa, iliyonse ngati nsonga ya chala chachikulu. Anayang'ana pansi n'kuona kuti mitsitsi yake inali pamzere, ndipo wina anazikapo timitengo toti chikwerepo.

"Chitedze chimabzalidwa pamzere?" anafunsa amuna ake. "Ichi munthu anabzala. Munthu akabzala kuseri kwa nyumba, ndiye kuti amadya."

Apatu sanalakwe. Mutu unkagwira mayi uja, musamutenge ngati chitsiru.

"Ngati n'choncho, kafunseni anzanu a nyumba iyo," anatero aKampira. "Iwo ndi eni kuno."

"Ine wa ku Tsangano ndikafunse za nyemba kwa munthu?"

Vuto linali pamenepo. Anthu a mumzerewo ambiri anali Alomwe, ochokera kuseri kwa phiri, kudziko la Apwitikizi. Nadzimbiri ankawaona ngati anthu apansi, odya zosadziwika. Moni ankayankha ndi mphuno. Kumtsinje ankachapa payekha. Iye amene anafika ndi mtolo umodzi ndi nkhalamba kumsana, n'kumanyoza anthu amene anamupeza ali ndi nkhuku zawo. Zimakupsetsani mtima eti? Inenso.

Masabata anadutsa. Phoso limene aKampira ankalandira pa esiteti linali ufa wa mgaiwa ndi kamchere. Ndiwo zinali masamba a chinangwa lero, masamba a chinangwa mawa. ANangondo anayamba kukankha mbale.

"Ndine mbuzi ine?"

"Idyani pang'ono, amayi."

"Unandinyamula kuti ndidzadye mitengo? Apongozi angawo auze kuti kwawo ngati amadya masamba okhaokha, ine kwathu ndimamwa msuzi."

Ankanena izi mokweza, aKampira ali kuseri kwa khoma lomwelo, popeza mkamwini ndi apongozi salankhulana maso ndi maso. AKampira ankangotsokomola.

Poyamba zinali zoseketsa. Kenako zinasiya kuseketsa. Nsalu ya aNangondo inayamba kuzungulira thupi kawiri. Popita kuseri ankafuna wowagwira. Nadzimbiri akamawasambitsa ankawerenga nthiti ndi maso, n'kumakumbukira nkhope ya Zondiwe. Anawachotsa kwawo ndi pakamwa pake, ndipo tsopano ankamuthera m'manja. Mvula yobzalira nyemba inali kutali miyezi inayi. Nkhalamba ija miyezi inayi inalibe.

Lachisanu lina anatenga lichero n'kupita kuseri kuja. Anathyola makoko ouma, n'kukhala pakhonde akuswa. Lichero litatsala pang'ono kudzaza, panadutsa mayi wa nyumba yoyandikana nayo, aKhoviwa, atasenza nkhuni. AKhoviwa anali mayi wamfupi, wotchola tiyi, amene Nadzimbiri anali asanalankhule naye mawu opitirira atatu. Ataona licherolo anaima, n'kutula nkhuni pansi.

"Achemwali, mukuzidziwa zimenezo?"

"Ndi nyemba."

"Ndi kalongonda ameneyo. Anabzala ndi anzanga amene ankakhala muno. Ndi chakudya, inde, koma saphika ngati nyemba. Mumawiritsa, madzi akada mumataya. Mumasenda makungu, kuthira madzi ena, kuwiritsanso, kutayanso. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka. Mumataya mpaka madzi ayere ngati a pachitsime. Mukapanda kutero amazunguza mutu, ndipo wofooka amamutenga."

Nadzimbiri anamva mawu onse. Palibe limene linamudutsa. AKhoviwa ankalankhula Chinyanja chomveka bwino lomwe.

"Mukuti nditaye msuzi?"

"Si msuzi umenewo, achemwali."

"Kangati?"

"Ine sindiwerenga, ndimayang'ana madzi. Kasanu, kasanu n'kamodzi. Mawa ndili kumunda. Dikirani Lamulungu, ndibwera ndi mphika wanga waukulu tiphikire limodzi. Agogowo ndawaona, akufunikadi chakudya."

Mawu otsirizawo ndi amene anamubaya. Ndiye kuti mzere wonse ukuona kuti akulephera kudyetsa amayi ake? Anayankha ndi mano okha, "Zikomo, ndamva." AKhoviwa anasenza nkhuni zawo n'kumapita.

Mumtima mwake Nadzimbiri ankati, anthu awa sadziwa kuphika, basi. Nyemba iliyonse imadetsa madzi. Nyemba zofiira zimafiiritsa, zakuda zimadetsa. Kutaya kasanu, ndiye patsala chiyani, makoko? Ndipo amayi alibe mano, chimene akufuna ndi msuzi womwewo. Lamulungu abwere mayi uyu ndi mphika wake, mzere wonse udzaonerere mkazi wa ku Tsangano akuphunzitsidwa nyemba?

Loweruka m'mawa aKampira atapita kuntchito, anateleka mphika.

Unawira, unawira. Atavundukula, anaima kaye. Madzi aja sanade ngati a nyemba zakuda ayi. Anada bii ngati asungunuliramo makala, ndipo pamwamba panali thovu lonyezimira. Zaka zonse zimene anaphika, madzi otere anali asanawaone. Analawa kunsonga kwa chipande. Kunali kakuwawa pang'ono kumapeto kwa lilime. Anatenga masamba n'kugwira mphika m'mbali, n'kuunyamula kupita nawo kudzala.

Anali atatsala mapazi atatu. Atatu okha.

"Iwe, ukupita nawo kuti mphikawo?" Anali aNangondo, ali pamphasa pakhomo pomwe ankaothera kadzuwa.

"Ndikufuna nditsanule madziwa, amayi. Akuti amataya."

"Akuti ndani?"

"Mayi wa nyumba iyo."

ANangondo anaseka, dzino lija lili pamtunda. "Tafika dzana, wasanduka kale wa kuno? Mwana wanga ine kutaya msuzi? Mng'ono wako uja timamuseka, koma msuzi sanatayepo."

Nadzimbiri anaima ndi mphika m'manja, nthunzi ikumuwotcha kumaso. Akanatha kunena kuti, amayi, akuti zimenezi zimapha. Mawu ochepa chabe. Koma kunena choncho kunali kuvomera pamaso pa amayi ake kuti pali nyemba imene iye saidziwa, ndipo mayi wotchola tiyi akuidziwa. Anatembenuka, n'kubwezera mphika pamafuwa. Anathira chidulo kuti zifewe, anathira mchere kuti kuwawa kubisale, n'kusonkhezera moto.

Dzuwa lili paliwombo anapakula. Mwaulemu wake wonse, monga anaphunzitsidwira, msuzi anatsanulira wamkulu. Iye anangotapa njere zochepa, dzanja limodzi. ANangondo anafwafwanyira mgaiwa mumsuzimo n'kumwa mbale yonse. Anapempha ina. Anamwanso.

"Kakuwawira pang'ono, koma dzanja ndi lako," anatero akunyambita chala. "Lero ndadya. Apongozi anga akabwera uwauze kuti ndawakhululukira."

Anayamba kuimba kanyimbo ka kwawo, akuwomba m'manja pang'onopang'ono. Nadzimbiri anakhala pambali pawo akusangalala. Kuyambira tsiku lomwe anafika ku Mulanje, sanasangalalepo ngati masana amenewo. Anafika poganiza kuti mawa aKhoviwa akabwera adzawalawitsa, aone mmene amaphikira anthu odziwa.

Mthunzi wa nyumba usanafike pampanda, nyimbo ija inasintha. ANangondo anayamba kulankhula ndi anthu amene panalibe. Ankaitana amuna awo amene anamwalira kalekale, kuwauza kuti atseke khola ng'ombe zikutuluka. Manja ankagwedezeka okha. Kenako kusanza. Nadzimbiri anati adzuke awagwire, koma pansi panapendekeka, phiri lonse la Mulanje n'kuyamba kuzungulira. Anagwa. Anakwawa ndi mawondo mpaka pakhomo pa aKhoviwa, n'kupeza chitseko chomanga ndi luzi. Mzere wonse unali zii, aliyense ali kumunda wa tiyi. Anthu amene sankawapatsa moni aja anawaitana mmodzimmodzi, mayina osawadziwa n'komwe, akungoti anzanga, anzanga. Zinayankha ndi nkhuku zokha.

Anthu ataweruka, aKhoviwa anamupeza atagona pakhomo pawo. Sanafunse zambiri. Anathamangira kunyumba kuja, anavundukula mphika, n'kuyang'ana m'katimo nthawi yaitali. Atabwerera anagwada pafupi naye.

"Munataya kangati?"

Nadzimbiri anangotseka maso.

AKhoviwa sanamukalipire. Bola akanamukalipira. Anaitana amayi ena awiri, anawanyamula onse kuwalowetsa m'nyumba, n'kuyamba kuwamwetsa madzi ndi phala lamadzimadzi. Nadzimbiri anali ndi thupi lamphamvu ndipo anadya pang'ono, kotero pofika m'mawa mutu unabwerera. Koma aNangondo anali atamwa mbale ziwiri za madzi akuda aja ndi thupi lotha kale. Phala linkangobwerera. Sanazindikirenso munthu. Lamulungu masana anatsirizika, mutu uli pamwendo pa aKhoviwa, chifukwa manja a mwana wawo anali akunjenjemerabe.

Mukudziwa amene anakumba manda? Alomwe omwe aja. Anapereka malo kumanda kwawo, anapereka mphasa, amayi awo anasambitsa thupi, anaphika, anagona pasiwa. Panalibe wa ku Tsangano ndi mmodzi yemwe woti aponye dothi, kupatula Nadzimbiri ndi aKampira.

Atachoka kumanda, Nadzimbiri anatenga chikwanje n'kulunjika kuseri kwa nyumba. AKhoviwa anamutsatira n'kumugwira mkono.

"Chalakwa chiyani chomerachi? Ife tinawoloka nacho phiri m'mipango, ana athu akula nacho. Sichinakubisireni kanthu. Madzi chinakudetserani, munaona ndi maso anu."

Chikwanje chinagwa pansi. Ndi pamene Nadzimbiri analira kulira kwenikweni, atakhala m'fumbi pansi pa makoko aja.

Uthenga unapita kwawo ndi anthu apaulendo. Patatha mwezi ndi theka, Zondiwe anatulukira, mapazi atatupa. AKampira atamuona akubwera patali anakokera mkazi wawo pambali.

"Tinene kuti chinali chifuwa. Kuno kumazizira, aliyense akhulupirira. Anzathuwa sangaulule."

Nadzimbiri anamuyalira mlongo wake mphasa, anamupatsa madzi, n'kupita naye kumanda. Zondiwe anaima pamutu pa mtumbira nthawi yaitali. Pobwerera, ali panjira awiriwiri, anafunsa.

"Anadwala chiyani amayi?"

"Sanadwale, achimwene. Ndinawaphikira nyemba za kuno zimene sindinkazidziwa. Zimafuna kutaya madzi. Sindinataye."

"Panalibe wokuuza?"

Apa ndi pamene bodza likanalowa bwinobwino. Akanangoti panalibe, mlongo wake akanamumvera chisoni, n'kumutenga kubwerera naye kwawo.

"Analipo. Anandiuza zonse, dzina ndi kaphikidwe komwe. Anati ndidikire masiku awiri adzandithandize."

Zondiwe anayenda mapazi angapo, kenako anati, "Anadya n'kukhuta?"

"Anakhuta. Anaimba ndi nyimbo."

"Chabwino."

Madzulo Nadzimbiri anamuphikira nkhuku imene aKhoviwa anapereka. Zondiwe anasamba m'manja, anayang'ana mbale, n'kunena kuti m'mimba simuli bwino. M'mawa mwake anatsanzika aKampira, anapita kukathokoza aKhoviwa ndi amuna awo, n'kunyamuka wopanda kamba. Zondiwe sanamuitane mlongo wake kuti abwerere kwawo, ndipo Nadzimbiri sanapemphe.

Ku Tsangano Nadzimbiri sanapondekonso. N'chifukwa chake ife tili ndi mfunda wa Chingoni koma kwathu timati ku Mulanje. Anakhala zaka zina makumi anayi. Kalongonda anaphunzira kuphika, aKhoviwa ataima pambali, ndipo chaka cha njala yaikulu ana ake anapulumukira yemweyo. Koma amene anamuona atakalamba amati ankataya madzi mpaka kasanu n'kawiri, kasanu n'katatu, madzi atayera kale, ana akulira njala, iye ali chiimire ndi mphika kudzala. Ndipo pamaliro kapena paukwati akamupempha kuti agwire mphika wa nyemba, ankati mupatseni wina, ine ndikatunga madzi.

Ndiye mukamaona amayi athu akusamukira nyumba ya lendi ku Bangwe, katundu asanamasule n'komwe, akuzungulira kuseri n'kuthyola tsamba la chilichonse chimene sakuchidziwa, musamaseke. Kwathu timatero. Chimene wachipeza chitamera pamalo pa eni suchizula, suchidya, sumupatsa mwana. Umatenga tsamba ndi chipatso chake, umagogoda kwa amene unamupeza pamalopo, kaya ndi wa mtundu wanji, kaya nyumba yake ndi yotani, ndipo akayamba kuyankha umatseka pakamwa mpaka amalize. Akati dikira, umadikira.

Wina anena kuti masiku ano ungochijambula pafoni, dzina libwera lokha. Libweradi. Nanga Nadzimbiri dzina sanalimve? Analimva, ndi kaphikidwe komwe, kuchokera kwa munthu wamoyo amene anatula nkhuni zake pansi kuti amuuze.

Akuluakulu amati wosamva anamva nkhwangwa ili m'mutu. Ine ndimati anasiyako theka. Nthawi zina nkhwangwayo imagwa pamutu pa amene unamubereka kumsana kuchokera kwanu, iwe n'kutsala wamoyo, wamphamvu, zaka makumi anayi ukuimva.